Boti lolemera, galimoto yopepuka: tikusewera ndi miyoyo pa misewu ya kunyanja

Nyanja yathu ili m'chigwa. Mawu amenewa akumveka ngati phunziro la ana a ku pulayimale, koma ndi pamene pagona nkhani yonse imene ndikufuna tikambirane lero. Madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere. Mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre ili pa mamita oposa 1,000, Mzuzu ali pa mamita pafupifupi 1,250, pamene boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600. Ndiye kuti aliyense wochokera m'tauni kupita kunyanja ayenera kutsika, ndipo pobwerera ayenera kukwera. Njira yozemba palibe.

Ngati muli m'minibasi ndi kachikwama kanu pamiyendo, kutsikako ndi nkhani ya dalaivala. Koma ngati kumbuyo kwa galimoto yanu mwamangirira ngolo, pangolopo pali boti la matani awiri, kutsikako ndi nkhani ya moyo wanu, moyo wa amene mwawanyamula, komanso moyo wa mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu amene sakudziwa n'komwe kuti inu mukubwera.

Ena anena kuti nkhani ya maboti ndi ya azungu ndi mabwana opita kukasewera ku Cape Maclear pa Khirisimasi. Kale zinali choncho mwina, koma lero ayi. Wamalonda wa mu Limbe kapena mu Area 25 amene wapeza kangachepe amaona kuti ndalama ili pa usipa ndi utaka, nagula boti la matabwa ndi injini yake n'kulemba alovi ku Msaka kapena ku Senga Bay. Mnyamata womaliza maphunziro a zokopa alendo amalota boti lotengera alendo ku chilumba cha Thumbi kapena ku Maleri. Mabungwe othandiza anthu nawo amasunga maboti awo m'tauni, n'kumawakoka pa msewu madzi akasefukira ku Chikwawa ndi ku Nsanje, monga zidachitikira mu 2015, mu 2022 nthawi ya namondwe Ana, ndi mu 2023 nthawi ya namondwe Freddy. Asodzi a ku Chilwa nawo akudziwa kusamutsa maboti pamtunda, pakuti nyanja yawo idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Boti pa msewu si chachilendonso, abale anga.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi galimoto zimene tikukokera maboti amenewa. Imani tsiku lina Lachisanu madzulo pa msewu wa ku Salima kapena wa ku Liwonde, muyang'ane bwino. Mudzaona kagalimoto konyamulira ana kusukulu katakhala pansi kumbuyo, mphuno ili m'mwamba ngati galu wonunkhiza nyama, boti likugwedezeka pambuyo. Mukafunsa mwini wake kuti galimotoyi imaloledwa kukoka makilogalamu angati, yankho lake ndi lakuti, "Aaa bwana, iyi ndi Toyota, imakoka chilichonse." Eti imakoka chilichonse!

Vuto lake lili pomwepo. Funso limene timadzifunsa ndi lakuti: kodi galimotoyi ingakoke? Funso loyenera ndi lakuti: kodi galimotoyi ingaimitse? Kukoka n'kosavuta. Anyamata anayi amakankha minibasi yodzaza anthu pa depoti mpaka kulira. Koma auzeni anyamata omwewo kuti aimitse minibasiyo ikutsetsereka pa Khwekhwelere, muone ngati alipo angatsale.

Tisanaloze chala amalondawa, tiyeni tione chimene chawafikitsa pamenepa. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Galimoto, matayala, mabuleki, zonsezi timagula kunja ndi ndalama zakunja. Munthu amene amasunga ndalama kuti adzagule pikapu adadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti ndalama zake zikungokwana Sienta kapena Probox. Onjezanipo msonkho wa ku MRA ndi mizere ya mafuta imene takhala tikugonapo kuyambira 2022, mudzamvetsa chifukwa chake aliyense akufuna galimoto yosamwa mafuta, yoti inyamule ana m'mawa, matumba a chimanga masana, Loweruka ikoke boti. Umphawi umachititsa khasu limodzi kukhala nkhwangwa, fosholo ndi mpeni.

Chachiwiri ndi kumene galimoto zathu zimachokera. Zambiri ndi zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, zobwera kudzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe. Ku Japan anthu wamba sakonda kukoka ngolo, choncho galimoto zambiri zopangidwira msika wa kumeneko zimabwera zopanda chitsulo chokokera, ndipo buku lake, ngati lilipo, lili m'Chijapani. Wogula sauzidwa kalikonse za kukoka, wogulitsa nayenso sadziwa. Zikatero munthu amapita kwa owotcherera, iwo n'kumumatira chitsulo kumbuyo tsiku lomwelo. Sindikunyoza amisiri athu. Ku Ndirande ndi ku Biwi kuli anthu a manja odala, oti akhoza kukupangirani geti loti zidzukulu zanu zidzalipeza. Koma mmisiri angawotcherere bwino chotani, sangasandutse malata opyapyala kukhala chasisi.

Apa ndifotokoze pang'ono. Galimoto zilipo za mitundu iwiri pa kapangidwe. Pikapu monga Hilux, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max, komanso galimoto monga Land Cruiser, Prado, Fortuner ndi Nissan Patrol, zili ndi chasisi cha zitsulo ziwiri zochindikala zoyala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo ngati makwerero, ndipo thupi la galimoto limangokhazikidwa pamwamba. Galimoto zing'onozing'ono monga Sienta, Freed, Probox ndi Vitz zilibe chasisi chotero. Thupi lomwelo, lopangidwa ndi malata opindapinda, ndilo limanyamula zonse. Zoterezi zikafuna kukoka zimafuna chitsulo chopangidwira mtundu womwewo wa galimoto, chomangidwa ndi mabawuti pa malo amene fakitale idalimbitsa dala. Mukawotcherera pena paliponse, chitsulocho chimagwira bwinobwino kwa miyezi, kenaka tsiku lina pa bampu chimazuka pamodzi ndi lata lake ngati dzino lovunda. Zikatero boti limayenda lokha, lopanda dalaivala, lopanda buleki.

Palinso nkhani ya giyabokosi. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan masiku ano zili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, yoyendera lamba wachitsulo. Ndi yabwino posunga mafuta m'tauni, koma ikamakoka katundu wolemera pa chitunda chachitali imatentha, ndipo ikapsa mtengo wake wokonzera mudzaumva m'mafupa. Injini nayo imafooka mukakwera kumtunda chifukwa mpweya umachepa: injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse. Choncho galimoto imene imaoneka yanyonga pa gombe ku Monkey Bay imafika ku Dedza ili wefuwefu, pamalo pomwe ikufunika mphamvu kwambiri.

Tsono tisankhe bwanji? Masamu ake ndi a Sitandade 7, safuna digiri. Yambani ndi boti, osati galimoto. Wogulitsa boti amakuuzani kulemera kwa boti louma, lopanda kanthu. Inu simukoka boti louma. Tiyerekeze boti la fayiba la mamita 6 lolemera makilogalamu 900. Injini ya mahatchi 115 imalemera makilogalamu pafupifupi 175. Petulo malita 100 ndi makilogalamu pafupifupi 75. Batire, nangula, zingwe, majekete opulumutsira moyo ndi bokosi la ayezi, tinene makilogalamu 100. Ngolo yokhayo, tinene makilogalamu 450. Phatikizani: makilogalamu 1,700. Boti lija mumati ndi la 900 lasanduka pafupifupi kawiri. Ngati ndi la matabwa ndipo langotuluka kumene m'madzi, dziwani kuti matabwa amamwa madzi, ndipo lita iliyonse ya madzi yotsalira pansi pa boti ndi kilogalamu yathunthu. Maukonde onyowa a chilimira musawaiwale.

Tsopano yang'anani galimoto. Probox yopanda kanthu imalemera makilogalamu pafupifupi 1,100, Sienta pafupifupi 1,300. Ndiye kuti chokokedwa chikulemera kuposa chokoka. Pamenepo wolamula ndani? Pa msewu wowongoka mudzanamizika kuti ndinu, koma pa kona yotsetsereka boti ndilo lidzasankha kolowera. Ku Britain mabungwe a anthu okoka ngolo zogonamo amalangiza ongoyamba kumene kuti ngolo isapitirire 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Si lamulo, ndi langizo chabe, koma ndi langizo lochokera kwa anthu amene aona ngolo zikugubuduza galimoto. Potsatira langizo limeneli, boti lathu la makilogalamu 1,700 likufuna galimoto ya makilogalamu 2,000. Apa ndiye kuti tikunena pikapu yaikulu kapena galimoto ya mtundu wa Prado, basi.

Wopanga galimoto amapereka manambala awiri a kukoka: ya ngolo yopanda mabuleki ndi ya ngolo ya mabuleki. M'maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa ndi a ku Ulaya, ngolo yopanda mabuleki siyenera kupitirira makilogalamu 750, ngakhale galimoto yokokayo ikhale yaikulu ngati nyumba. Nambala yaikulu ija amalengeza pa malonda, ya makilogalamu 3,500 pa mitundu ina ya Hilux, Ranger ndi D-Max zatsopano, ndi ya ngolo yokhala ndi mabuleki ake ogwira. Tsono funsani: ngolo zingati zowotcheredwa kuseri kwa nyumba, zokhala ndi ekiselo yochotsedwa ku galimoto yakufa, zili ndi mabuleki? Mukamangirira ngolo yopanda mabuleki ya makilogalamu 1,700 ku Hilux yatsopano, mwapitirirabe malire kawiri ndi kuposa. Galimoto yabwino yokoka ngolo yoipa ndi ngozi yovala suti.

Komanso dzina lokha lisakunamizeni. Hilux ya 2008 si Hilux ya 2022. Zakale zambiri zimaloledwa kukoka zocheperapo. Ya injini yaing'ono ya petulo si chimodzimodzi ndi ya dizilo ya malita 2.8. Ngakhale galimoto ya mtundu umodzi imapatsidwa manambala osiyana m'maiko osiyana. Nambala yanu ili pa kachitsulo kapena kapepala komata pa chitseko cha dalaivala kapena pansi pa boneti, m'buku la galimoto, ndi pa chitsulo chokokeracho ngati n'chochokera ku fakitale. Manambalawo akasiyana, tsatirani wochepetsetsa. Unyolo umadukira pa mfundo yofooka.

Pali msampha wina umene ngakhale eni pikapu zodula amagwamo. Kupatula malire a kukoka, pali malire a kulemera kwa galimoto itadzaza, amene amalembedwa kuti GVM, ndi malire a galimoto pamodzi ndi ngolo, amene amalembedwa kuti GCM. Tengani Hilux ya dizilo ya malita 2.8 imene idagulitsidwa ku Australia kuyambira 2020: imaloledwa kukoka makilogalamu 3,500, koma galimoto ndi ngolo pamodzi zisapitirire makilogalamu 5,850. Chotsani 3,500 pa 5,850, patsala 2,350. Galimoto yokhayo imalemera pafupifupi 2,100. Ndiye kuti mwatsala ndi makilogalamu pafupifupi 250, amene ndi dalaivala, mnzake mmodzi ndi zikwama zawo. Koma ife tikamapita kunyanja kumbuyo kwa pikapu kumakhala alovi asanu ndi mmodzi, zigubu za petulo, matumba a ufa, ndi apongozi amene apempha kuti muwasiye pa Golomoti. Munthu aliyense wokwera akudya gawo la boti.

Kakhazikidwe ka boti pa ngolo nako ndi nkhani. Pa boti, cholemera kwambiri ndi injini, ndipo injini imakhala kumbuyo kwenikweni. Boti likakhala mobwerera m'mbuyo kwambiri, ngolo imapepuka kutsogolo n'kuyamba kuvina uku ndi uku liwiro likakwera. Likakhala patsogolo kwambiri, limapondereza kumbuyo kwa galimoto, matayala akutsogolo n'kupepuka, chiwongolero n'kuyamba kumveka ngati mukupalasa m'madzi. Akatswiri amati kulemera kopondereza pa chitsulo chokokera kukhale pakati pa 5 ndi 10 peresenti ya kulemera konse kwa ngolo ndi boti, koma kusapitirire malire olembedwa pa chitsulocho. Pa chitsanzo chathu chija ndi makilogalamu 85 mpaka 170. Ngati mwana wa Fomu 1 angathe kunyamula mphuno ya ngolo ndi dzanja limodzi, musanyamuke. Ndipo ngolo ikayamba kuvina muli pa msewu, musaponde buleki mwadzidzidzi, musalimbane ndi chiwongolero. Chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero mowongoka, liwiro litsike lokha.

Tibwerere ku mapiri athu aja. Wochokera ku Dedza kutsikira ku Golomoti pa msewu wa Khwekhwelere amatsika mamita pafupifupi 1,000 pa makona otsatizana. Wa kumpoto ali ndi Chiweta pa M1 ndi mtsetse wa ku Nkhata Bay kuchokera ku Mzuzu. Wopita kuchigwa cha Shire ali ndi mapiri a ku Thabwa. Pa mtsetse wotere, kulemera konse kwa galimoto ndi boti kumasanduka moto m'mabuleki. Mafuta a mabuleki a DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri 230, koma akakalamba n'kumwa chinyezi amawira pa madigiri 155 okha. Akawira, mumaponda buleki n'kufika pansi ngati mwaponda nthochi yakupsa. N'chifukwa chake madalaivala a malole amatsika Chiweta pa giya yaikulu mphamvu, pang'onopang'ono, injini ikulira, ife am'mbuyo tikutukwana. Akudziwa chimene akuchita. Giya imene mungakwerere phiri ndi yomweyo muyenera kutsikira. Galimoto yokokera boti iyenera kukhala yoti mungathe kuisunga pa giya 2 kapena 1, kaya ndi ya manyuwo kaya ndi ya otomatiki. Musananyamuke, sinthani mafuta a mabuleki ngati atha zaka ziwiri.

Kuthamanga sikufika, adatero akuluakulu, ndipo sayansi ikuwavomereza. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woti muime umawirikiza kanayi. Misewu yathu si ya galimoto zokha. Pa Lizulu, pa Ulongwe, pa Kamuzu Road ku Salima, msika uli pa phula penipeni. Pali a kabaza, ana a sukulu, mbuzi, ngolo za ng'ombe. Boti lalikulu ndi lotambalala kuposa galimoto yolikoka, choncho tayala la ngolo limadutsa m'mphepete momwe muli wanjinga, pamene dalaivala akuona ngati wamupatsa mpata wokwanira. Pa kona ngolo imadula njira kulowa mkati. Phula lathu m'malo ambiri lidadyeka m'mbali, tayala la ngolo likagwera m'mphepetemo limakoka galimoto yonse. Ndiye onjezani usiku, ngolo yopanda nyali, yopanda zonyezimira. Bungwe la WHO mu lipoti lake la 2018 lidayerekeza kuti ku Malawi anthu 31 pa anthu 100,000 aliwonse amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, chiwerengero chimene chidatiika m'gulu la maiko oipitsitsa pa dziko. Sitikusowa njira ina yatsopano yophera anthu.

Ulendo suthera pa phula. Malo ambiri m'mbali mwa nyanja alibe potsetserekera pa simenti. Boti limatsitsidwa pa mchenga. Mu 2024 madzi a nyanja adakwera kupitirira mamita 476 n'kumiza magombe ndi malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo pamene munkadziwa kuti ndi polimba mwina lero pasintha. Galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo imavutika kutulutsa boti m'madzi, chifukwa pokwera kulemera kumapita kumbuyo, matayala okokawo n'kumangozungulira. Pikapu yokoka ndi akumbuyo okha imakumba dzenje n'kukhala pamimba. Apa pamafunika galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, yokhala ndi giya ya mphamvu ija amati low range. Ana atsike, magalasi atsegulidwe, kumbuyo kwa boti kusakhale munthu, mwala wopinga tayala ukhale pafupi. Ndipo mukafika, dikirani kaye kuti mabering'i a ngolo azizire musanawalowetse m'madzi, chifukwa chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimayamwa madzi, girizi n'kuonongeka. Maboti ambiri amene mumawaona atakhala m'mbali mwa msewu tayala limodzi palibe, chiyambi chake chimakhala chimenechi.

Matayala a ngolo nawo amapusitsa. Ngolo imayenda kawiri kapena katatu pa chaka, choncho mapanga a tayala amaoneka atsopano pamene mpirawo udauma kale ndi dzuwa. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2317, tayalalo lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2017, ndipo ntchito yake yatsala ndi kudzalamo maluwa. Unyolo wachitetezo pakati pa ngolo ndi galimoto usakhale chingwe cha sisalo. Boti limangidwe kutsogolo ndi kumbuyo komwe ndi malamba olimba, osati linya kapena mphira za njinga.

Ndikudziwa chimene amalonda anzanga akunena pofika pano: "Achimwene, mukulankhula za Prado ngati mukulankhula za mandasi. Ndalama zake tizitenga kuti?" Funso limeneli ndi loona, ndipo sindilipeputsa. Koma taganizani: boti la usodzi mumalisamutsa kangati pa chaka? Kamodzi, kawiri mwina. Kugula galimoto ya mamiliyoni ambirimbiri chifukwa cha maulendo awiri ndi kuononga mpamba. Kukoka ndi Sienta ndi kuika mpamba wonse pa juga. Njira yapakati ilipo, ndipo asodzi akale amaidziwa: kwezani boti pa lole ya hayala, limangidwe bwino, lipite. Kapena gulani boti kwa amisiri okhoma maboti kunyanja komweko, lisaone phula n'komwe. Kapena ngati mukusamuka gombe kupita gombe lina, liyendetseni pamadzi tsiku limene mwera wagona. Kapena sonkhanani anthu anayi asanu, muchite hayala pikapu yoyenera ndi dalaivala wozolowera ngolo. Mtengo wa hayala muuyerekeze ndi mtengo wa giyabokosi, boti losweka, injini yake, chipukuta misozi ndi bokosi la maliro, kenaka mundiuze chotchipa n'chiti.

Musaiwalenso mapepala. Ku South Africa laisensi ya B imalola ngolo yosapitirira makilogalamu 750. Yoposa pamenepo imafuna laisensi ya EB. Amene mumapita kukagula maboti ku Johannesburg kapena ku Durban n'kubwera nawo pa msewu, dziwani zimenezi musanakumane ndi apolisi a kumeneko. Kuno kwathu pitani ku ofesi ya Road Traffic mukafunse ngati laisensi yanu ikukulolani kukoka ngolo ya kulemera kwanuko, ndipo ngoloyo ikhale ndi mapepala ake. A inshuwalansi auzeni poyera kuti galimoto yanu imakoka boti, ayankhe molemba. Ngozi ikachitika n'kupezeka kuti mudapitirira malire a wopanga galimoto, kampani ikhoza kupeza pothawira, inu n'kutsala nokha ndi ngongole. Safunsa adadya phula.

Tsono mawu anga kwa akuluakulu a boma. Lamulo lathu la pamsewu, Road Traffic Act, ndi la 1997, nthawi imene galimoto zochokera ku Japan zinali zisanadzaze m'misewu ngati lero. Pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke takhala tikulipira kuyambira 2021 ndi 2022. Malodibuloko ndiye osawerengeka. Koma pa lodibuloko wapolisi amayang'ana chiyani? COF, inshuwalansi, laisensi, mwina ndi chozimitsira moto. Ndi angati amazungulira kumbuyo kukaona ngati ngolo ili ndi mabuleki, unyolo ndi nyali? Ndi angati adaphunzitsidwa kuwerenga kachitsulo ka pa chitseko kaja? Sindikupempha kuti apolisi apatsidwe chifukwa china chopemphera ya fanta, ayi. Ndikupempha zinthu zitatu zosafuna ngongole ya ku World Bank.

Choyamba, nthambi ya Road Traffic isindikize m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao kapepala kofotokoza malamulo a kukoka ngolo, kapezeke m'maofesi awo, pa zipata zolipirira ndi m'madoko a asodzi, ndipo kawerengedwe pa wailesi. Chachiwiri, poyeza galimoto kuti ipatsidwe COF, chitsulo chokokera chiziyezedwa ngati mmene amayezera mabuleki ndi nyali, ndipo amisiri opanga ngolo apatsidwe muyezo woti azitsatira. A Malawi Bureau of Standards ndi a TEVETA ntchito imeneyi ndi yawo. Mmisiri akaphunzitsidwa kuika mabuleki pa ngolo, ndiye kuti mwamupatsanso msika watsopano. Chachitatu, a Roads Authority aike zikwangwani zooneka bwino pamwamba pa mitsetse yonse ikuluikulu zouza dalaivala kutsitsa giya, pakhalenso malo opatukirapo oti munthu aime, aone malamba ake, mabuleki azizire.

Kwa ophunzira a zaumisiri m'makoleji athu, nayi ntchito yoti muigwire m'malo molemba za milatho ya ku Ulaya imene simudzaimanga. Pangani ngolo ya boti yokhala ndi mabuleki odzigwira okha galimoto ikamaima, yopangidwa ndi zitsulo zopezeka mu Limbe ndi ku Kanengo, yoti mmisiri wa ku Mangochi angathe kuikonza. Luso lake si lachilendo. Ngolo zotere zadzaza ku South Africa ndi ku Ulaya. Chikusowa ndi munthu woti aikhazike pa mtengo umene msodzi angaufikire.

Timakonda kunena kuti ngozi siona nkhope, ndipo pa maliro timati chinali chifuniro cha Mulungu. Koma munthu amene wamangirira matani awiri opanda mabuleki ku galimoto ya tani imodzi, n'kuyamba kutsika phiri la mamita 1,000 dzuwa litalowa, sadakumane ndi tsoka. Adachita kulipangira nthawi ndi malo. Boti ndi chuma, ndipo ndikufuna Amalawi ambiri akhale nalo, nyanjayi isamadyedwe ndi alendo okha. Koma musanagule galimoto yolikokera, kapena musanabwereke ya mlamu wanu, tengani pensulo, phatikizani makilogalamu, werengani kachitsulo ka pa chitseko, yang'anani pansi pa ngolo ngati pali mabuleki. Manambala akakana, musakambirane nawo. Itanani lole.